Alamu ya utsi ndi ya carbon monoxide kubesimenti: mwana wathu akugona pafupi ndi furnace

NaBanda (Brampton): Abale, mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Mwana wa achemwali anga, Thoko, anafika mu Ogasiti kudzachita sukulu, ndipo anapeza malo kubesimenti ya nyumba ina kuno ku Brampton, m'chigawo cha Ontario ku Canada. Lero ndinapita kukamuona. Malowo ngabwino ndithu, matailosi, khitchini yakeyake, bafa lakelake. Koma nditakweza maso kusiling'i ndinangoona kambale kapulasitiki ndi timawaya tikulendewera, alamu palibe. Ndiye kuseri kwa khoma lomwe watsamiritsako bedi ndi kumene kuli furnace ya gasi (makina otenthetsera nyumba) ndi giza. Nditafunsa alandilodi anati alamu ili kumwamba kwawo, ikalira amva. Kodi zimenezi n'zololedwa? Ndithandizeni, mayi ake mwanayu anasiyira ine.

Bambo a Tamanda (Mississauga): Achemwali, sizololedwa ayi. Ntchito yanga ndi yomweyi yokonza mabesimenti. Lamulo la zamoto la kuno, Ontario Fire Code, kuyambira pa 1 Malichi 2006 limati alamu ya utsi yogwira ntchito ikhale pa nsanjika iliyonse ya nyumba, komanso kunja kwa malo onse ogona. Besimenti amaiwerenga ngati nsanjika payokha. Ngakhale kukanakhala kosungirako katundu chabe, alamu imafunikabe, nanji kogona munthu. Timawaya mwaonato tikusonyeza kuti alamu inalipo, wina anachita kuizula.

NaBanda (Brampton): Ndiye yoika ndani, Thoko kapena alandilodi?

Bambo a Tamanda (Mississauga): Alandilodi. Kugula, kuika, kusintha mabatire, zonse n'zawo. Ayeneranso kuiyesa chaka chilichonse komanso nthawi iliyonse pakalowa wa lendi watsopano. Udindo wa Thoko ndi kuwauza ikawonongeka, ndi kusaichotsa batire. Koma musaiwale kuti maalamu ndi awiri. Ya utsi payokha, ya carbon monoxide (mpweya wa poizoni wochokera ku zinthu zoyaka) payokha, ngakhale masiku ano amagulitsa yophatikiza zonse m'kabokosi kamodzi. Nyumba yomwe ili ndi furnace ya gasi, giza ya gasi, malo osonkhapo moto kapena galaja yolumikizana ndi nyumba, iyenera kukhala ndi alamu ya carbon monoxide pafupi ndi malo ogona. Kuyambira pa 1 Januwale 2026 anawonjezera kuti ikhalenso pa nsanjika iliyonse.

Madalitso (Scarborough): Ine ndilankhule chilungamo ngakhale ena sachikonda. Azakhali, samalani mmene mukuyendetsera nkhaniyi. Malo ogona ndi ovuta kupeza, ndipo mwana wasukulu wopanda mbiri ya ngongole kuno sapatsidwa apatimenti mwachisawawa. Mabesimenti ambiri omwe timakhalamo sanalembetsedwe kukhonsolo. Mukaitana ozimitsa moto akhoza kunena kuti malowo sayenera kugonamo munthu, ndiye Thoko apita kuti pakati pa kuzizira kuno? Ine yanga ndinaichotsa batire kalekale chifukwa ndikangokazinga nsomba imakuwa mpaka ana a kumwamba kudzuka. Zaka zitatu tsopano, palibe chachitika.

Mayi Gondwe (Hamilton): Madalitso mwanawe, bwezera batire lero lomwe, ndakupempha. Nkhawa yako ya malo ogona ndaimva ndipo ndi yoona. Koma zaka zitatu ukunenazo sizikutsimikizira chilichonse za usiku wa lero. Ndine nesi, ndagwirapo ku chipinda cha matenda a mwadzidzidzi, ndipo anthu ophedwa ndi mpweya wa carbon monoxide sakhala kuti anachita zachilendo tsiku limenelo. Anagona monga mwa masiku onse.

A Mbewe (Kitchener): Ana inu, mpweya umenewu si wachilendo kwa ife. Amene tinakulira ku Dedza tikudziwa zomwe mbaula imachita mu Juni ndi Julaye. Munthu walowetsa mbaula m'nyumba, watseka chitseko, mipata ya mawindo waitseka ndi nsanza, makala afiira bwinobwino opanda utsi. M'mawa anthu kugogoda, zii. Kumudzi ena ankati alodzedwa. Akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo pa mpweya uwu mawuwa ndi oona monga momwe alili: sununkha, suoneka, sutsokomoletsa. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu mbaula umaiona ndi maso, ukhoza kuitulutsa. Kuno mbaula yake ili kuseri kwa khoma ndipo imadziyatsa yokha usiku wonse.

NaBanda (Brampton): Amalume mwanena zoona. Ndamulowetsa Thoko pagulu pano kuti adziwerengere yekha.

Thoko: Zikomo azakhali. Moni kwa makolo nonse. Ine ndimaganiza kuti gasi akamatuluka ndimva fungo, chifukwa kusukulu anatiuza kuti amanunkha ngati mazira owola.

Bambo a Tamanda (Mississauga): Thoko, zimenezo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Gasi wobwera m'mapaipi amamuthira dala mankhwala onunkha kuti akamadontha anthu adziwe. Carbon monoxide amapangika gasiyo, makala, nkhuni kapena petulo zikamayaka popanda mpweya wokwanira. Furnace ikakhala bwino, utsi wake wonse umatuluka panja kudzera m'paipi kapena m'chumuni. Paipi ikachita dzimbiri, ikaguluka, kapena ikatsekeka, zonse zimabwerera m'nyumba, ndipo woyamba kupuma ndi wa kubesimenti. Mafurnace atsopanowa amatulutsira pakhoma la m'mbali, paipi yapulasitiki yoyera yomwe ili pafupi ndi pansi. Chipale chofewa chikaunjikana chimaitseka. Kukagwa chipale chambiri muzizungulira nyumba n'kuona kuti pakamwa pa paipiyo pali poyera.

Mayi Gondwe (Hamilton): Thoko mwanangu, ndikufunse. Masiku ano ukudzuka bwanji m'mawa? Mutu, chizungulire, nseru?

Thoko: Mayi, mutu wokha umandiwawa m'mawa, pafupifupi masabata awiri tsopano. Ndimangoti mwina n'kuwerenga usiku kapena kuzizira. Ndikafika kusukulu umasiya. Tsiku lina ndinasanza, ndinaganiza kuti malungo ndinabwera nawo kuchokera kumudzi, koma thupi silinatenthe.

Mayi Gondwe (Hamilton): NaBanda, kamutengeni mwanayo usiku uno akagone kwanu. Sindikunena kuti ndi carbon monoxide ndithu, mutu umawawa pa zifukwa zambiri. Koma mutu wowawa ukadzuka, wosiya ukatuluka panja, nseru popanda kutentha thupi, zonsezo pamodzi ndi zimene timaphunzitsidwa kukayikira. Ife ongochoka kwathu chilichonse timathamangira kuti malungo, tamwa panado tagonanso m'chipinda chomwecho.

Ndifotokoze pang'ono chimene chimachitika m'thupi kuti nonse mumvetse. Magazi athu ali ndi hemoglobin, yomwe ntchito yake ndi kunyamula okosijeni. Carbon monoxide amakanirira pa hemoglobin mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo opitirira 200. Ndiye ngakhale akhale wochepa m'chipinda, amalanda malo pang'onopang'ono, ubongo ndi mtima n'kuyamba kusowa mpweya. Choopsa n'chakuti munthu amafooka ndi kusokonezeka maganizo, moti nzeru yoti adzuke atuluke imachoka. Wogona sadzuka n'komwe. Ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi odwala mtima ndiwo amayamba kugwa. Komanso kachipangizo kopanira chala kaja ambiri tinagula nthawi ya Covid sikathandiza apa, kamaonetsa manambala abwino chifukwa sikasiyanitsa magazi onyamula okosijeni ndi onyamula poizoni. Kuchipatala timayeza magazi enieni. Thoko ukapita, uwauze momveka kuti umagona pafupi ndi furnace ndipo kulibe alamu, ndipo usachedwe, chifukwa ukakhala panja maola angapo mpweyawo umayamba kuchepa m'magazi.

NaBanda (Brampton): Ndanyamuka. Ndadutsira kusitolo, ndagula alamu yolowetsa pasoketi, yokhala ndi batire komanso yoonetsa manambala. Ndiisiya m'chipinda chake, iyeyo ndimutenga.

Kondwani (South Bend): Muyende bwino achemwali. Pomwe tikudikira, kuno ku America malamulo amasiyana boma ndi boma, koma madera ambiri amatsata buku la International Residential Code. Nditakonza besimenti yanga n'kuikamo chipinda chogona, woyendera nyumba anafuna alamu ya utsi m'chipinda chogonacho, ina kunja kwake, ndiponso pa nsanjika iliyonse, zonse zolumikizana kuti imodzi ikalira zonse zilire. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ukangotenga chilolezo chokonza besimenti, amakuuza kuti ukonzenso maalamu a nyumba yonse, ngakhale kumwamba sunakhudzeko. Anayezanso windo lothawira, kuti munthu wamkulu athe kutulukirapo.

Bambo a Tamanda (Mississauga): Achimwene, kunonso n'chimodzimodzi ukamamanga ndi chilolezo. Malamulo ndi awiri ndipo anthu amawasokoneza. Fire Code ndi ya nyumba iliyonse yomwe ilipo kale. Building Code ndi ya pomanga kapena pokonza, ndipo imafuna zambiri. Alamu ya utsi iyenera kukhala m'chipinda chogona chilichonse, yolumikizidwa ku magetsi a nyumba, yokhala ndi batire magetsi akazima, komanso, kuyambira 2015, yokhala ndi getsi lothwanima kuti amene samva aone. Besimenti ikakhala nyumba yachiwiri ya lendi, ndipo furnace ndi imodzi ya pansi ndi pamwamba, timaika kachipangizo kozindikira utsi m'kati mwa njira ya mpweya, kamene kamazimitsa furnace kuti isapopere utsi kwa anzako. Windo lothawira liyenera kutseguka malo osachepera 0.35 sikweya mita, ndipo mbali iliyonse isachepere mamilimita 380.

Kulumikizana kwa maalamu ndi kumene alandilodi a Thoko sakukumvetsa. Moto ukayamba kumwamba, utsi umakwera, wa kubesimenti samva kanthu mpaka masitepe atagwira. Ukayamba kubesimenti, alamu ya kumwamba imalira utsi utadzaza kale chipinda cha mwanayo. Pa njira zonse ziwiri wochedwa kudziwa ndi iyeyo, ndipo ndi iyeyo amene ali ndi khomo limodzi.

Nangozo (Leeds): Ife kuno ku England mabesimenti ogonamo si ambiri ngati kwanuko, koma lamulo la alandilodi lilipo. Kuyambira 2015 alamu ya utsi pa nsanjika iliyonse, ndipo kuyambira pa 1 Okutobala 2022 alamu ya carbon monoxide m'chipinda chilichonse chokhala ndi boiler kapena chotenthetsera choyaka moto, kupatula chitofu cha gasi chophikira. Chindapusa chimafika mapaundi 5,000. Ndikupempherera Thoko.

Madalitso (Scarborough): Ndawerenga zonse. Sindinadziwe zoti mwanayo akudwala mutu, pepani azakhali. Koma funso langa likadalipo: ndichite chiyani ndi alamu yolira nthawi iliyonse ndikaphika? Khitchini ndi pabalaza kwanga ndi chipinda chimodzi, siling'i ndi yotsika.

Bambo a Tamanda (Mississauga): Limenelo ndi funso labwino ndipo yankho lilipo. Maalamu a utsi ali mitundu iwiri. Ya ionization ndi imene imavutitsa pophika, imamva ngakhale tiutsi tosaoneka ta mafuta. Ya photoelectric imagwiritsa ntchito kuwala, siilira chisawawa, ndiponso imafulumira kumva moto wonyeka pang'onopang'ono, ngati wa matiresi kapena sofa. Uwauze alandilodi asinthe aike ya photoelectric, aisunthire kutali ndi chitofu mamita atatu ngati malo alola, komanso isakhale pakhomo penipeni pa bafa chifukwa nthunzi imailiza. Zambiri zili ndi batani loti ukadina imakhala chete mphindi zingapo kenako n'kudzibwezera yokha. Batire ukachotsa, kubwezera umaiwala.

Za mantha a kuthamangitsidwa, a Madalitso, mvetsani. Ngati muli ndi khitchini ndi bafa lanulanu, osagawana ndi mwini nyumba, lamulo la Residential Tenancies Act limakutetezani ngakhale besimentiyo sinalembetsedwe. Landilodi sangakutulutseni ndi pakamwa, ayenera kudzera ku Landlord and Tenant Board, bwalo loweruza nkhani za alandilodi ndi a lendi. N'zoona kuti ozimitsa moto akapeza malo oopsa kwambiri akhoza kulamula zinthu zovuta, sindikubisirani. N'chifukwa chake ine ndimati yambani ndi kalata kapena meseji kwa alandilodi, mwaulemu, yokhala ndi deti. Ambiri akamva kuti chindapusa cha munthu chikhoza kufika madola 50,000 amathamangira kusitolo tsiku lomwelo.

A Mbewe (Kitchener): Lamulo la carbon monoxide limeneli linabwera ndi maliro, ana inu. Mu 2008 ku Woodstock, osati kutali ndi kuno, banja lonse la anthu anayi linatha: bambo, mayi amene anali wapolisi wa OPP (apolisi a chigawo cha Ontario), ndi ana awo awiri. Njira yotulutsira utsi ya moto wawo wa gasi inali itatsekeka, ndipo m'nyumbamo munalibe alamu. Amalume a mayiyo, a John Gignac, omwe anali ozimitsa moto opuma pantchito, anayenda ponseponse kuchonderera, mpaka nyumba ya malamulo ya Ontario inavomereza Hawkins-Gignac Act mu 2013, n'kuyamba kugwira ntchito mu Okutobala 2014. Ine ndinali kuno kale. Ndimakumbukiranso Disembala 2013, madzi oundana atagwetsa mawaya a magetsi ku Toronto, anthu akulowetsa makala owotchera nyama m'nyumba ndi kuliza majenereta m'galaja kuti afunde. Ambiri anathera kuchipatala. Magetsi akazima m'nyengo yozizira, maganizo a mbaula amabwera msanga kwa ife. Musayerekeze.

NaBanda (Brampton): Mwadzuka bwanji abale. Thoko anagona kwathu, wadzuka mutu uli bwinobwino koyamba pa masabata awiri. Tapita kubesimenti cha m'ma 8 koloko, a kumwamba atamaliza kusamba. Alamu sikulira koma ikuonetsa 46. Zikutanthauza chiyani? Tatuluka, tili m'galimoto.

Bambo a Tamanda (Mississauga): Musalowenso. Auzeni a kumwamba atuluke ndi ana, ndipo imbani 911 munene nambala mwaonayo komanso kuti mwana wakhala akudwala mutu. M'nyumba yabwino nambala imeneyo iyenera kukhala 0. Kusalira kwake si kuti yawonongeka. Maalamu amenewa anawapanga kuti aziwerenga kuchuluka pamodzi ndi nthawi: pa 70 imalira pakati pa ola limodzi ndi maola anayi, pa 150 pakati pa mphindi 10 ndi 50, pa 400 pakati pa mphindi 4 ndi 15. Pa 46 ikhoza kukhala chete, koma munthu wopuma zimenezo usiku ndi usiku amadwala. Musatsegule mawindo kuti muuluze, asiyeni ozimitsa moto apeze mmene zilili kuti adziwe gwero.

Mayi Gondwe (Hamilton): Ndipo Thoko apite kuchipatala lero ndithu ngakhale akumva bwino. A kumwambanso muwafunse, makamaka ngati pali woyembekezera.

Madalitso (Scarborough): Mulungu wanga. Tidziwitseni azakhali.

NaBanda (Brampton): Pepani ndachedwa kuyankha, tsiku linali lalitali. Ozimitsa moto anabwera msanga ndi makina awo oyezera. Anapeza kuti paipi yotulutsa utsi wa giza inadyeka ndi dzimbiri polumikizira, ndiye giza ikayaka utsi wina umatsalira m'kachipinda ka furnace n'kudutsa pansi pa chitseko. Gasi anatseka mpaka katswiri wovomerezeka atakonza. Thoko anamuyeza magazi, anamupatsa okosijeni kwa kanthawi, amutulutsa madzulo. Ali bwino.

Alandilodi ndinkawakwiyira, koma nditawaona atanyamula kamwana kawo panja akunjenjemera, mkwiyo unatha. Anati alamu ya pansi anazula wa lendi wakale chifukwa inkalira pophika, iwo n'kumangoti adzabwezera. Ya kumwamba ija ankaidalira, ozimitsa moto ataitembenuza anapeza kuti inapangidwa mu 2011, ndipo inali ya utsi wokha.

Kondwani (South Bend): Tithokoze Mulungu. Zimenezo za deti anthu aziona. Alamu ya utsi imatha pa zaka 10 kuchokera pa deti lolembedwa kumbuyo, ngakhale ukadina batani izilira. Ya carbon monoxide zina zaka 7, zina 10, zimalembedwa pomwepo.

Thoko: Zikomo kwambiri makolo nonse, makamaka Mayi Gondwe pondifunsa funso lija. Ndikanangopitiriza kumwa panado. Aika maalamu atsopano ophatikiza, imodzi m'chipinda changa, ina pakhonde la pansi, zolumikizana ndi za kumwamba. Koma ndingasiyanitse bwanji kulira kwake? Ndipo ya pasoketi ija azakhali anagula ili pansi pafupi ndi bedi, kodi siyenera kukhala m'mwamba?

Bambo a Tamanda (Mississauga): Ikalira katatu, kupuma, katatunso, ndi utsi. Ikalira kanayi mofulumira, kupuma, kanayinso, ndi carbon monoxide. Zonse ziwiri tuluka kaye, foni uimbire panja. Ikamangoti tswii kamodzi pakapita kanthawi, ndi batire kapena yakalamba, uwauze alandilodi. Ya pasoketi isiye pomwepo. Utsi ndiwo umakwera, n'chifukwa chake alamu yake imakhala kusiling'i, koma carbon monoxide amasakanikirana ndi mpweya wa m'chipinda monse. Chachikulu isabisike kuseri kwa katani kapena kabati. Uzidina batani loyesera kamodzi pamwezi, ndipo uyeserenso kutsegula windo lothawira lija, ena amawapaka penti mpaka kumatirira.

Nangozo (Leeds): Thoko, amayi ako kumudzi wawauza?

Thoko: Azakhali anawaimbira usiku. Analira. Kenako anati nawonso mu Julaye amalowetsa mbaula kuchipinda kwa agogo kuti afunde. Azakhali awauza kuti makala aziyakira panja, agogo awawonjezere bulangete, ndipo tatumiza ndalama ya mabulangete awiri.

Madalitso (Scarborough): Ndakwera pampando ndaitsitsa yanga. Kumbuyo kwalembedwa 2013, ndipo ndi ya ionization. Ya carbon monoxide kuno kulibiretu. Meseji kwa alandilodi ndatumiza, koma sindidikira, ndikupita kusitolo panopa. Bambo a Tamanda, ndikafika ndikujambulirani zomwe zilipo mundisankhire.

Bambo a Tamanda (Mississauga): Jambula kumbuyo kwa paketi, ndione chizindikiro cha CSA kapena ULC, mabungwe oyesa ndi kuvomereza zipangizo, komanso deti. Foni ili m'manja.